Kiyi wa Chipinda cha Udzudzu

Pulofesa anakhala pampando wa malemu osafunsa, kapu ya tiyi ili m'manja, maso akuyendayenda m'makoma. Anayang'ana msomali wa kuseri kwa chitseko, anayang'ana pamwamba pa kabati, anasuzumira ngakhale m'mbale ya pawindo. Chisamba anawaona, ndipo anadziwiratu kuti chipepeso chimene bamboyu wabwera nacho chili ndi mchira.

Linali Lachiwiri, patatha masiku awiri chiikireni maliro. Abale akutali anali atabwerera kwawo, mipando yobwereka itaunjikidwa pakhonde kudikira eni ake. M'nyumba munatsala anthu awiri: mayi wamasiye ndi mwana wawo woyamba, wamkazi, amene bambo ake ankangomuitana kuti Chisamba kuyambira ali wakhanda mpaka dzinalo linamukanirira.

Pulofesa anati malemu anali mzati wa labu yawo. Anati anali ngati mbale wawo weniweni. Anati kumanda analephera kufika chifukwa cha msonkhano wina wosati nkuuthawa, ndipo ananena dzina la hotela yake ngati kuti zimenezo zitonthoza munthu. Mbale, ati! Zaka makumi awiri ndi zitatu mbale ameneyo ankasayina kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, ikatha nkukaima pakhomo la ofesi, chipewa m'manja, kudikira ina. Ubale wotere ndi wosowa ndithu.

Malemu ankaweta udzudzu. Musaseke, ntchito imeneyi ilipo, ndipo inaphunzitsa ana anayi. Kuseri kwa labu ya payunivesite kuli kachipinda kopanda windo, kotentha, kachinyontho, kodzaza mabokosi a neti ndi mabeseni a madzi. Mmenemo ndimo munkachokera udzudzu wonse umene anthu a kafukufuku wa malungo ankayeserapo mankhwala awo. Unali mtundu umodzi womwewo, wosungidwa mibadwomibadwo, ndipo ukanati ufe panalibe sitolo yokagulako wina. Mphutsi zake zimafuna chakudya tsiku ndi tsiku, waukulu umafuna thonje lonyowa ndi madzi a shuga, ndipo waukazi suikira mazira usanamwe magazi. Magaziwo ankachokera pamkono wa malemu. Anthu ankangowatchula kuti a Udzudzu, iwo nkumayankha osakwiya. Pulofesa anakwera ndege zosawerengeka chifukwa cha mkono umenewo, koma mkono wawo unali see, wopanda ndi kachipsera komwe.

Tsopano sitalaka inali m'sabata yachisanu ndi chimodzi. Ogwira ntchito za kafukufuku, otsuka mabotolo, oyang'ana pa maikulosikopu, oyenda m'midzi ndi mafomu, onse ananyanyala. Ankafuna ntchito zokhazikika, magolovesi okwanira, ndiponso kuti mayina awo azioneka pamapepala amene mabwana amatchukira. Chisamba anali mmodzi wa oyang'ana pa maikulosikopu, komanso ndiye anali mlembi wa yuniyoni. Tsiku lovota, bambo ake anakweza mkono limodzi ndi aliyense, kenako anaimirira nkufunsa kuti nanga udzudzu azidyetsa ndani. Holo yonse inafa nacho chiseko. Wapampando wa yuniyoni anayankha kuti udzudzuwo ngati uli ndi madandaulo ubwere udzalembetse, anthu nkuwonjezera kuseka. Lamulo linamangidwa pomwepo: wodutsa pageti aliyense wagulitsa anzake.

M'mawa mwake a Udzudzu anadutsa pageti, ambulera kukhwapa. Mkuja wake anadutsanso. Anthu anawakuwiza, anawatchula Yudasi, wina anawaponyera khoko la nthochi, iwo osatembenuka. Lolemba la sabata yachiwiri anagwirizana zowerenga pachimkuzamawu mayina a ogulitsa anzawo, ndipo kuwerenga ndi ntchito ya mlembi. Ali mwana, Chisamba anali wachibwibwi choopsa, ndipo anali bambo akewo amene ankamukhazika pamwendo kumuwerengetsa mokweza zolembedwa pamabotolo a mankhwala mpaka lilime linamasuka. Tsiku limenelo anawerenga mayina anayi. La bambo ake linali lomaliza, ndipo analitchula lonse, loyamba ndi lachiwiri lomwe.

Kuchokera pamenepo sanayankhulanenso. Lamlungu lina bambowo anapita kukagogoda kuchipinda chimene mwana wawo ankachita lendi, iye anangoti zii m'katimo mpaka mapazi anamveka akubwerera. Lachisanu lapitali bambowo anatuluka pageti monga mwa masiku onse, anafika pasiteji ya basi, anakhala pabenchi, osadzukanso. Chakudza sichiimba ng'oma.

Tiyi atatsika theka, mchira uja unatulukira. Pulofesa anatsokomola nkunena kuti pali kankhani kakang'ono, kochititsa manyazi kukatchula pa nthawi ngati ino. Kiyi wa kachipinda kaja. Wapadera anasowa kalekale pamene ankasamuka ofesi. Chitseko chake ndi chachitsulo, ndipo oti nkuchithyola, amisiri a payunivesite, nawonso ali pageti ndi zikwangwani. Udzudzu watha masiku anayi osadya. Komanso Lachinayi kukubwera alendo akunja amene amalipira kafukufukuyo, ndipo akufuna kuona ziwerengero za masabata onsewa, zimene malemu, pokhala munthu wokhulupirika, ankalemba tsiku lililonse m'kope lawo.

"Munthu mmodzi yekha ndi amene sanatitaye," anatero Pulofesa, akuyang'ana Chisamba cham'mbali. "Tikhoma chikwangwani cha dzina lawo pachitseko chimenecho. Ndipo mwana wawoyu, zikatha izi, sitingamuiwale."

Mawu amenewo ndi amene Chisamba ankawaopa kuposa mwano wa anzake: bwana kuyamikira bambo ake ngati galu amene sanathawe pakhomo. Mayi ake anangoti zovala za malemu sanayambe kuzigwira, akapeza kanthu atumiza uthenga. Pulofesa anaika kapu pansi, anasiya kakhadi ka nambala yawo ya foni pathebulo, ngati kuti m'nyumbamo munali wina wofuna kucheza nawo, nkutuluka.

Fumbi la galimoto lisanathe, Wapampando analowa. Zikuoneka kuti anabisala kuseri kwa mpanda kudikira kuti bwana achoke, pakuti kuphewa kwa malaya ake kunali tiudzu. Anali mwamuna wamimba yake, wenzulo ili pakhosi ngakhale pobwera pa nyumba ya maliro. Kumanda anayankhula mpaka anthu anayamba kukhala pamitumbira ya eni ake, ndipo m'mawu onsewo malemu anatchulidwa kamodzi, koyambirira. Zotsalazo zinali chala chimodzi sichiswa nsabwe, mutu umodzi susenza denga, ndi miyambi ina yonse imene munthu amaitola akakhala kuti zonena zake alibe.

Iyenso anakhala pampando womwe uja. Iyenso anapepesa. Iyenso anali ndi kankhani kakang'ono.

Anati Mulungu wawapatsa chikwapu m'manja. Kiyi akabwera ku yuniyoni, amukoleka pachikwangwani pageti pomwe, Pulofesa azimuona akulowa ndi potuluka. Masiku anayi apita kale, akangowonjezera awiri kapena atatu udzudzu wonse ugona chagada, alendo aja adzapeza mabokosi a mitembo, ndipo akuluakulu a yunivesite adzabwera chokwawa kudzapempha zokambirana. Za anthu makumi atatu amene ntchito yawo imadalira udzudzu womwewo sanatchule. Mwina anaiwala, pakuti iye ntchito yake inali yoyendetsa galimoto ya kafukufuku wa nthaka.

"Ndipo ife si anthu osunga mangawa, mayi," anatero akusisita wenzulo. "Mukatipatsa kiyiyo, dzina la malemu tilifufuta pamndandanda uja. Tiwakhululukira."

Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kunsapato mpaka kutiudzu tija.

"Mwawakhululukira mochedwa, bambo. Kumene aliko sakumva wenzulo."

Wapampando anaseka kaseko kopanda mano, natembenukira kwa mlembi wake. Anamukumbutsa kuti iye ndi mtsogoleri, anthu akumuyang'ana, ndipo magazi asamuphimbe m'maso. Anati amudikira pageti madzulo asanafike. Potuluka anatola mabisiketi awiri amene Pulofesa anasiya m'mbale.

Atatsala awiri, mayi anapita pampando uja, anatukula khushoni, natulutsa kiyi womangidwa kachingwe kabuluu. Ndi pamene malemu ankamusunga zaka zonsezi, ndipo mayi anamubwezera pomwepo atamupeza m'thumba mwawo Lachisanu lija. Akuluakulu awiri, wina wa madigiri, wina wa wenzulo, anamukhalira m'mawa wonse.

Mayi anati udzudzu umenewo unali mkazi mnzawo, ndipo sanaukondepo ndi tsiku limodzi lomwe. Unawalanda mwamuna pa Khirisimasi, pa maukwati a abale, ngakhale tsiku limene Chisamba yemweyo ankabadwa, bambo ake anafika kuchipatala mkono uli tudzutudzu, akununkha madzi a m'mabeseni. Anati ukafa iwo sadzalira. Koma kiyiyo sapita kwa wamadigiri, sapitanso kwa wawenzulo, kuchokera m'manja mwawo.

"Ndiye mukufuna nditani, amayi? Anadutsa pageti. Ndinawaona ndi maso angawa, tsiku ndi tsiku."

"Unawaona akulowa. Unawaona akuchita chiyani m'katimo?"

Mayi anamutambasulira kiyi uja.

"Unatchula dzina la bambo ako pagulu osawafunsa. Anabwera kwako, unawatsekera chitseko. Ine sindikuuza kanthu, ungati ndikuwaikira kumbuyo. Tenga, ukaone wekha. Ukakatha, ukamupatse amene ukumufuna."

Kunena zoona, Chisamba anali akadali wokwiya ndi bambo ake, ndipo ankachita manyazi kukwiyira munthu amene dothi lake silinaume. Imfa inamupweteka, koma chimene chinkamudya kwambiri chinali chakuti bambo amene anamuphunzitsa kuimirira mowongoka anafa ali wogulitsa anzake, ndipo panalibenso tsiku loti adzakonze. Anatenga kiyi uja osayang'ana mayi ake kumaso.

Anafika pageti dzuwa litapendeka pang'ono. Anzake anali pamthunzi wa mpanda, zikwangwani atazitsamiritsa kukhoma, ena akusewera makadi pakatoni. Atamuona anaimirira, Wapampando analiza wenzulo natambasula dzanja, mano onse pamtunda. Chisamba anamudutsa ngati mtengo. Nyimbo imene inayamba inafera m'kamwa. Kumbuyo kwake anamva wina akuti mwana wa ng'ona salephera kuyangalala, wina akufunsa amene ali ndi cholembera, popeza kope la mayina linali m'chikwama cha mlembi, ndipo mlembiyo ndi uyo akulowayo.

Pakhomo la labu panali mlonda wachikulire ndi buku lake lalikulu losayinamo olowa ntchito. Kuyambira pamene sitalaka inayamba, akuluakulu analamula kuti amene wasayina m'bukumo ndiye wagwira ntchito, amene sanasayine wanyanyala. Mlondayo anavula chipewa, anapepesa maliro, nakankhira bukulo kwa iye. Kenako analibweza yekha.

"Kapena nanunso muli ngati bambo anu? Iwo sankasayina."

Chisamba anamuyang'ana. Mlonda anati masabata onsewa ankawapatsa cholembera m'mawa uliwonse, iwo nkumakana mwaulemu, amvekere sindinabwere ku ntchito ine, ndili pa sitalaka. Anati mpaka anawachenjeza kuti mwezi ukatha salandira kanthu ngati anzawo a panjawo, pamene mwano akuulandira okha, koma a Udzudzu anangoseka. Chisamba anatsegula bukulo, anayendetsa chala tsamba ndi tsamba. Mayina atatu aja anawawerenga pachimkuzamawu analimo, tsiku lililonse, ena mpaka kawiri. La bambo ake munalibe. Yuniyoni yonse, ndi mlembi wake wophunzira, inaima pageti masabata asanu kuwerenga miyendo ya anthu, osaganiza zoyenda mapazi makumi awiri kudzaona buku.

Kiyi anazungulira mosavuta. Kutentha kwa m'kachipindamo kunamuwomba kumaso pamodzi ndi fungo limene ankalidziwa kuyambira ali mwana, fungo la malaya a bambo ake. Anayatsa getsi. Pansi pa mabokosi panali bii, udzudzu wakufa. Thonje linali litauma gwa. Koma m'makona a neti munali wina utakangamira, wofooka, ndipo m'mabeseni mphutsi zinali zikugwedezeka pang'onopang'ono. Sanaganize kaye za wina aliyense. Anasungunula shuga, ananyowetsa thonje latsopano, anawaza chakudya m'mabeseni monga ankaonera ali wamng'ono, kutsina pang'ono ndi zala ziwiri.

Kope linali pashelefu, pensulo itamangiriridwa ndi ulusi. Masamba akale anali odzaza ndi manambala ang'onoang'ono aukhondo: mazira angati, wakufa ungati, kutentha kwa chipinda. Anatsegula mpaka tsiku loyamba la sitalaka. Mizere yonse ya manambala inali yoyera. Panali deti lokha, ndi mawu atatu m'mphepete: Pa sitalaka. Ndangodyetsa. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Lotsatiranso chimodzimodzi, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, mpaka Lachisanu lomaliza lija.

Tsamba limodzi lokha ndi limene linali ndi mawu owonjezera, Lolemba la sabata yachiwiri. Pansi pa mawu a masiku onse aja analembapo kuti: Lero Chisamba wanditchula pageti. Mawu ake amamveka mpaka muno. Sanachite chibwibwi.

Anakhala pa kampando ka bambo ake, kope pamiyendo. Analira ndithu, kulira koipa kotuluka ndi mamina, kumene sikunabwere kumanda pamene anthu ankamuyang'ana. Anadzida, ndipo panalibe woti amupepese.

Ali chomwecho anamva nsapato m'khonde. Anali Pulofesa, wefuwefu, wina atawatsina khutu kuti chitseko chatsegulidwa. Anaima pakhomo osalowa, dzanja lina likukoka kolala kuphimba khosi, ndipo anayamba kuthokoza, kuti anadziwa kuti mwana wa munthu wokhulupirika sangakhale wina. Anapempha kope. Chisamba anapukuta kumaso, anawapatsa. Pulofesa anatsegula masamba akumwetulira, kenako kumwetulirako kunayamba kuchepa tsamba ndi tsamba, mpaka anavula magalasi nkuwavalanso.

"Masabata asanu opanda nambala ndi imodzi yomwe? Ndiye ankadzatani muno munthu ameneyu?"

Mzati uja, mbale weniweni uja, anasanduka munthu ameneyu pa mphindi imodzi.

"Zalembedwa pamenepo, bwana. Ankadyetsa."

Pulofesa anati alendo a Lachinayi awauza chiyani. Chisamba anati akawauze kuti ogwira ntchito awo ali pa sitalaka, onse, kuphatikizapo amene anamwalira. Anatenga kope m'manja mwawo. Pulofesa anatambasula dzanja kufuna kiyi, koma pomwepo kaudzudzu kamodzi kothawa m'bokosi kanawazungulira kukhutu, ndipo katswiri wa malungo uja anadziwomba mbama, nabwerera m'mbuyo mpaka m'khonde. Anati nkhaniyi akaikambirana ndi akuluakulu. Nsapato zinamveka zikutalikira.

Chapatali, kugeti, chimkuzamawu chinakhosomola. Anali mawu a Wapampando, akuwerenga yekha popeza mlembi panalibe. Bambo ake sananame, mawu a pageti amafikadi m'kachipindamo, dzina lililonse bwinobwino. Chisamba anamva atatu aja, anamva la malemu, limene sanalifufute, kenako anamva lake. Mawa adzapita nalo kope limeneli pageti, adzapempha chimkuzamawu, ndipo akadzamukaniza adzawerenga ndi pakamwa pokha. Koma zimenezo ndi za mawa.

Anaika kiyi m'thumba la siketi yake. Anapinda mkono wa bulauzi mpaka m'chigongono, anakoka kampando kufupi ndi bokosi limene munali wamoyo wambiri, nagoneka mkono wake pa neti monga ankachitira bambo ake, chikhatho chili chotambasuka. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako umodzi unatsika, wina unatsatira, ndipo kuyabwa kunayamba. Sanagwedezeke.

Ndi dzanja linalo anakoka kope, anatsegula tsamba latsopano. Pensulo inali yaifupi, yolumidwalumidwa kumapeto ndi mano a mwini wake. Analemba deti, anasiya mizere ya manambala ili yoyera, ndipo m'mphepete analemba mawu atatu aja.